ZA PA BWALO: KODI WAILESI YATHU YAKALE TIITAYE?

Sabata lino ndinali nditakonza kulemba za kasungidwe ka cimanga m'nkhokwe, koma zimene ndinakumana nazo pa ulendo wanga wa kumudzi zandicititsa kuika nkhaniyo pambali. Za anankafumbwe tidzakambirana sabata la mawa. Lero tikambe za wailesi.

Nditafika kwathu Lacisanu madzulo, ndinapeza azakhali anga, amene ndi mai wamasiye, atamangirira mbuzi yao yaikazi pa mtengo wa mango. Mbuziyo ndi imodzi mwa zitatu zokha zimene ali nazo. Nditawafunsa cimene yalakwa, anandiyankha kuti siinalakwe kanthu, koma m'mawa mwake ipita kumsika. "Mwanangu," anatero, "akuti Boma liri kutseka mawailesi onse akale monga linacitira ndi a kanema. Mnyamata wina wogulitsa katundu pamsika wandiuza kuti ndikapanda kugula ya dijito caka cisanathe, yangayi idzangoti zii. Nanga ine ndidzamva bwanji za maliro a abale ndi mtengo wa cimanga?"

"Azakhali, masulani mbuzi ikadye," ndinatero ine, "ndipo mundilole ndikaione ndekha wailesi imeneyo." M'mawa mwake ndinapalasa njinga kupita kumsika. Mnyamata uja ndinampeza, ndipo anandionetsa katundu wake mokondwa. Inali wailesi yokongola ndithu, yokhala ndi kagalasi koonetsa manambala owala, ndi kabowo kolowetsamo kakhadi ka nyimbo. Koma nditaitembenuza ndi kuwerenga zolembedwa kumbuyo kwake, ndinapeza kuti imagwira FM, AM ndi SW, monga momwe igwirira ya azakhali ija imene anaigula malemu amuna ao. Cacilendo cinali kagalasi kokha. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sindifuna kumweruza mnyamatayo, pakuti mwina nayenso anangomva kwa amene anampikulitsa katunduyo. Ndiponso m'mau ake munali kambeu ka zoona. Kunja kuno kulidi kusintha kwa kaulutsidwe ka mau, kucoka ku njira yakale imene akatswiri amaicha analogi, kupita ku njira yatsopano ya dijito, ndipo maiko ena anayamba kale. Tsono popeza safunsa anadya phula, tiyeni tiifunse nkhaniyi bwino lomwe. Kodi kusinthaku nkotani? Kwafika pati? Nanga kudzatikhudza bwanji ife a kumidzi?

KUMENE TINACOKERA

Wailesi m'dziko muno inayamba m'caka ca 1941, pamene boma la atsamunda linatsegula kanyumba koulutsira mau mu Lusaka, makamaka kuti anthu azimva za Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse, kumene ana ao ambiri anapita kukamenya. Koma mau oulutsidwawo anasowa owalandira. M'midzi munalibe mawailesi, ndipo amene anali m'masitolo anali a mtengo wapatali. Anthu ankasonkhana pa boma kapena m'maholo a ku migodi kuti amve nkhani pa wailesi imodzi.

Mkulu wa zofalitsa nkhani wa nthawiyo, Bambo Harry Franklin, anaona kuti kumanga milongoti nkosathandiza ngati munthu wamba alibe comvera. Anakhala zaka zingapo ali kufunafuna kampani imene ingapange wailesi yochipa, ndipo potsiriza kampani ya Ever Ready ya ku Britain inabvomera. M'caka ca 1949 inafika wailesi yabuluu, yobulungira ngati poto, imene inachedwa Saucepan Special. Mtengo wake unali mapaundi 5, ndipo batire lake masheleni 25. Zinali ndalama zambiri ndithu, koma mphunzitsi, kalaliki kapena mlimi wa fodya ankatha kuzisonkhanitsa. Pa zaka zowerengeka mawailesi amenewa anagulidwa zikwizikwi.

Kucokera pamenepo wailesi inakhala ya m'banja. Agogo athu akumbukira pologalamu ya Zimene Mwatifunsa, ndi mau a Bambo Alick Nkhata, woimba ndi muulutsi wochuka. Dziko litalandira ufulu mu 1964, alimi anayamba kukhala m'magulu kumvera maphunziro a zaulimi, ndipo dzuwa likalowa mabanja ankazungulira wailesi kumvera nthano za Bambo Julius Chongo pa Poceza m'Madzulo. Mu 1988 nyumba ya wailesi ya dziko inatenga dzina la ZNBC. M'zaka za m'ma 1990 nyumba zosakhala za Boma zinaloledwa, ndipo lero kuno Kum'mawa tiri ndi Breeze FM ndi Radio Maria ku Chipata, Chikaya ku Lundazi, Mphangwe ku Katete ndi zina, zonse pa FM.

Mbiri imeneyi iri ndi phunziro limene tidzabwererako. Cimene cinafikitsa wailesi kumudzi cinali comvera cochipa. Mlongoti wa ku Lusaka unalipo kale kwa zaka zisanu ndi zitatu, koma kwa munthu wa kumudzi unali kungolankhula ndi mphepo.

KUSIYANA KWA NJIRA ZIWIRIZI

Taganizani munthu ataima tsidya lina la dambo ali kukuitanani. Mau ake enieniwo ndiwo ayenda mumphepo kufika m'khutu mwanu. Akakhala pafupi mumva bwino. Akatalikira mau acepa, nasakanikirana ndi mphepo ndi kulira kwa acule, komabe mukachera khutu mutolapo cimene ali kunena. Umo ndimo igwirira nchito wailesi ya analogi. Mafunde ocokera pa mlongoti amasinthasintha motsata mau a muulutsi. Pa AM cimene cimasintha ndi mphamvu ya mafundewo, ndico cifukwa cake mphezi ikang'anima m'dzinja wailesi imathetheka. Pa FM cimene cimasintha ndi kufulumira kwa kagwedezeke kao, motero mau amamveka oyera, koma mafunde ake sapita patali ndipo phiri limawachinga. Mafunde a SW amakwera m'mwambamwamba ndi kubwerera pansi kutali, ndiye cifukwa cake nthawi zina mumagwira nyumba za maiko a tsidya la nyanja.

Tsono taganizani kuti munthu uja, m'malo mofuula, walemba kalata natuma mwana. Kalatayo ikafika, muwerenga mau onse monga momwe anawalembera, kaya yacokera pafupi kaya kutali. Koma ikagwera m'madzi nifufutika, simutolapo kanthu. Iyi ndiyo dijito. Makina amayeza mau a muulutsi kambirimbiri, kufika 48,000 pa sekondi imodzi, nawasandutsa manambala. Manambalawo ndiwo amaulutsidwa, pamodzi ndi ena oonjezera othandiza kukonza pamene palakwika m'njira. M'wailesi ya dijito muli kakompyuta kakang'ono kamene kamawerenga manambalawo ndi kuwabweza kukhala mau. Wailesi yakale iribe kakompyuta kotere, cotero siingathe kuwerenga kalatayo ngakhale itafika pakhomo.

Ubwino wake ulipo, ndipo tisaubise. Coyamba, pamene mafunde afika mokwanira, mau amamveka oyera, opanda kuthetheka. Caciwiri, pa FM nyumba iri yonse imafuna malo akeake pakati pa 87.5 ndi 108, ndi makina akeake pa mlongoti, monga mlimi ali yense kupita ku depoti ndi ngolo yake. M'mizinda ikuluikulu monga Lusaka malo amenewa apanikizana. Pa dijito makina amodzi amatha kunyamula nyumba khumi ndi zisanu kapena kuposapo, monga lole imodzi kunyamula matumba a mudzi wonse, ndipo magetsi ogwera nyumba imodzi amacepa. Cacitatu, kagalasi ka wailesi yotere kamatha kulemba dzina la nyumba imene mwagwira, za nyengo, ngakhalenso cenjezo la ngozi.

Kwa ife olankhula zinenero za m'dziko muno pali ubwino wina waukulu. Pa Radio 1 ya ZNBC zinenero zisanu ndi ziwiri, ndizo Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale, zimagawana nthawi. Womvera wa Cinyanja amadikira maola ake, ndipo akacedwa kuweruka kumunda apeza anzathu a cinenero cina atayamba kale. Dijito ingathe kupatsa cinenero ciri conse njira yakeyake, usana ndi usiku, pa mlongoti umodzi womwewo. Imeneyi si nkhani yaing'ono kwa agogo amene samva Cingerezi.

Koma dijito siiri ya mtundu umodzi. Ku Ulaya ndi ku Australia agwiritsa nchito DAB, imene inayamba kuulutsa mu 1995 ndipo inakonzedwanso mu 2007 nkuchedwa DAB+. Ku America kuli HD Radio, imene inabvomerezedwa mu 2002. Palinso DRM, imene inayamba mu 2003, ndipo ubwino wake ngwakuti imayenda pa mafunde a AM ndi SW amene amafika kutali; ku India nyumba ya wailesi ya dziko inaika makina ambiri a mtundu umenewu. Wailesi yopangidwira mtundu umodzi siigwira mtundu wina, pokhapokha ngati anaipangira yonse iwiri. Ndiye munthu wogula lero, dziko lisanayambe kuulutsa, ali ngati wogula goli asanadziwe ngati adzalima ndi ng'ombe kapena ndi abulu.

ZIMENE ANAONA ANZATHU

Dziko loyamba kutseka FM ya nyumba zake zikuluzikulu ndi Norway, kumpoto kwa Ulaya. Ndi dziko lolemera, la anthu oposa pang'ono mamiliyoni asanu, la mapiri ndi zigwa zakuya, kumene FM inkafuna milongoti yambirimbiri. Anayamba dijito mu 1995, nayendetsa njira zonse ziwiri pamodzi kwa zaka 22. Kutseka kunayamba pa 11 Januwale 2017 m'cigawo ca Nordland, nkupitirira cigawo ndi cigawo mpaka pa 13 Disembala caka comweco. Ngakhale anakonzekera motero, kafukufuku wa nthawiyo anaonetsa kuti anthu awiri mwa atatu ali onse sanagwirizane nazo, ndipo magalimoto pafupifupi mamiliyoni awiri analibe wailesi yatsopano. Ndiponso, tamverani ici, nyumba zambiri zing'onozing'ono za m'madera anazisiya pa FM, ndipo zikali pomwepo.

Ku Switzerland nyumba ya wailesi ya dziko inazimitsa FM pa 31 Disembala 2024. Omvera ambiri sanathamangire kugula mawailesi atsopano ai. Anangotembenuzira ku nyumba zina zimene zinatsala pa FM, ndipo mu 2025 Nyumba ya Malamulo ya kumeneko inavota kuti FM ipitirire. Finland inayesa DAB niisiya mu 2005. Ku Ireland nyumba ya dziko inaisiya mu 2021, cifukwa omvera anali ocepa pamene ndalama zoyendetsera zinali zambiri. Britain, imene inayamba mu 1995 ndipo mabanja ake ambiri ali ndi mawailesi a dijito, inanena mu 2021 kuti FM ikhalapobe mpaka 2030 kapena kupitirira.

Mu Africa muno tinaonaponso zathu. Mu 1998 kampani ya WorldSpace, imene anaiyambitsa Bambo Noah Samara wobadwira ku Ethiopia, inaponya m'mlengalenga setilaiti yochedwa AfriStar, kuti iziulutsa mau a dijito ku Africa yense. Colinga cinali cabwino, mau anali oyera, ndipo ankatha kufika ngakhale kumidzi ya kutali. Koma mawailesi ake anali odula, ndipo pambuyo pake panabweranso zolipira mwezi ndi mwezi. Mu 2008 kampaniyo inagwa ndi ngongole. Phunziro la wailesi ya poto ija linaiwalika. M'zaka zaposacedwa South Africa yayesa DAB+ ndi DRM yomwe, ndipo Ghana inayamba kuyesa DAB+ mu 2023 m'mizinda ya Accra ndi Kumasi. Onsewa ayesa FM iri ciyakire, ndipo palibe dziko la mu Africa limene laitseka.

CIMENE CASOKONEZA ANTHU

Nanga mphekesera ya pamsika ija inacokera kuti? Inacokera ku wailesi ya kanema. Mu 2006 maiko a mu Africa, a ku Ulaya ndi ena anasonkhana ku Geneva pansi pa bungwe la ITU, loona za mafunde pa dziko lonse, napangana kuti kanema asamukire ku dijito pofika pa 17 Juni 2015. Ndico cifukwa cake kuno kwathu kunabwera madikoda a TopStar, ndipo mu Okutobala 2017 kanema wakale anazimitsidwa m'mizinda ya m'mbali mwa njanji. Amene analibe dikoda anatsala ali kuyang'ana galasi lopanda cithunzi. Cikumbukiro cimeneco ndico ciri kuopsa anthu tsopano.

Koma pangano la ku Geneva lija silinakhudze mafunde a FM. Tsiku la 17 Juni 2015 linali la kanema, ndipo palibe pangano la maiko lokakamiza dziko liri lonse kutseka FM. Kuno kwathu Boma silinalengeze tsiku lotere, ndipo nyumba zimene mumamvera ziri kuulutsa pa njira yakale. Pali mabungwe awiri oyang'anira nkhanizi: la IBA limapereka ziphaso kwa oulutsa mau, ndipo la ZICTA limagawa mafunde. Nkhani yaikulu ngati imeneyi ingacokere kwa iwo ndi kwa Nduna ya Zofalitsa Nkhani, ndipo mungaimve pa wailesi yanu yomweyo nthawi ikalipo, monga momwe za kanema zinalengezedwera kwa zaka. Siingayambire pa thebulo la wogulitsa pamsika.

MAFUNSO A MUNTHU WA KUMUDZI

Ngakhale ziri tero, cakudza siciimba ng'oma. Tsiku lingathe kufika pamene nkhaniyi idzakambidwa m'Nyumba ya Malamulo. Kalembera wa 2022 anapeza kuti m'Zambia muli anthu mamiliyoni 19.6, ndipo oposa theka akhala kumidzi. Tikakhala cete, nkhaniyi idzagamulidwa poyang'ana magalimoto a mu Lusaka. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Cotero tiyeni tiyale mafunso athu padakali pano.

Funso loyamba ndi la mtengo. Wailesi yaing'ono ya FM ipezeka pa sitolo iri yonse, ndipo ikaonongeka pa boma pali wokonza. Ya dijito mtengo wake umaposa umenewu kangapo, ndipo kakompyuta ka m'kati kakafa, nthawi zambiri wailesi yonse yafa. Munthu wa malipiro a pamwezi angalume mano nagula. Nanga banja limene limaona ndalama kamodzi pa caka, pogulitsa cimanga, nshawa kapena thonje, ndipo ndalama zomwezo ziri kudikiridwa ndi feteleza, yunifomu ndi cigayo? Ndiye pamene mbuzi zimamangiriridwa pa mtengo wa mango.

Laciwiri ndi la mabatire. Kakompyuta kaja kamadya moto nthawi yonse imene wailesi iri kuyaka, motero mabatire amatha msanga kuposa a wailesi yakale. Ku Ulaya ici sicibvuta kwambiri, popeza amangolumikiza ku khoma. Kwathu kuno nyumba zambiri za kumidzi ziribe magetsi. Zoonadi masola aang'ono afala, ndipo athandiza kwambiri, koma sali pa denga liri lonse, ndipo m'masiku a mvumbi, pamene tifunitsitsa kumva za nyengo, ndi pomwenso sola imafooka.

Lacitatu ndi la mafoni. Ambiri mwa ana athu, ndi amai omwe, wailesi yao ndi kafoni ka mabatani kamene ali nako m'thumba. Nthambo ya m'makutu ija ndiyo imakhala ngati mlongoti wake, ndipo kumvera kwake nkwaulere. Sikufuna mabandulo, sikufunanso netiweki. Mafoni ogwira DAB+ kapena DRM ndi osowa kwambiri pa dziko lonse. Tsiku lozimitsa FM, mawailesi onse a m'matumbawa angafe pamodzi. Wina adzati amvere pa intaneti, popeza nayonso ndi dijito. Inde, koma pamenepo ola liri lonse liri ndi mtengo wake, ndipo kumene kulibe netiweki kulibenso mau.

Lacinai ndi la mtunda. Kumbukirani kalata yogwera m'madzi ija. Abale athu a ku cigwa ca Luangwa, a kuseri kwa mapiri a ku Nyimba ndi a m'malire a ku Vubwi adziwa kumangirira waya pa nsungwi yaitali, kapena kukwera pa culu ndi wailesi m'manja. Mau afika ofooka, osakanikirana ndi phokoso, koma uthenga aumva. Pa dijito zimenezi kulibe; mafunde akacepa kupitirira muyezo wake, wailesi imadukiza kenaka nkukhala duu. Dziko lathu ndi lalikulu, loposa masikweya kilomita 750,000, ndipo midzi yake njomwazikana. Pa cifukwa ici akatswiri athu aziyang'ananso njira ya DRM imene imafika kutali, osati yokhayo yoyenera m'mizinda.

Lacisanu ndi la nyumba zathu zing'onozing'ono. Lole ija yonyamula matumba a mudzi wonse iri ndi mwini wake, ndipo mwini lole amalipiritsa. Lero nyumba ya wailesi ya m'dera iri ndi makina akeake, ngakhale akhale aang'ono. Pa DAB+ iyenera kucita lendi malo pa makina a wina. Lendiyo ikakwera, oyamba kutsika m'lole ndi osauka. Komatu nyumba zimenezi ndizo zimalengeza maliro, ng'ombe zosowa, tsiku la sikelo ya ana, msonkhano wa kopaletivu ndi kubwera kwa nchembere zandonda m'minda. Ndiponso lole ikafera panjira, matumba a onse agona pomwepo. Makina amodziwo akaonongeka, nyumba zonse za m'deralo zikhala cete nthawi imodzi.

PAMENE ZINTHU ZATHINA

Wina angafunse kuti bwanji tiri kudandaula cotere ndi kabokosi koimba nyimbo. Tiyeni tikumbuke caka ca 2024. Kumayambiriro kwa cakaco matenda a kolera anabvuta kwambiri, kotero kuti sukulu zinacedwa kutsegulidwa mpaka mwezi wa Febuluwale. Pa 29 Febuluwale Mtsogoleri wa Dziko, Bambo Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi atacepa ku Kariba, magetsi ankazima mpaka maola 21 pa tsiku. Kanema anakhala cete ndipo mafoni anasowa pochajira. M'nyumba zambiri uthenga wa kuwiritsa madzi akumwa, ndi wa cimanga ca cithandizo, unafika kudzera pa wailesi ya mabatire awiri.

Abale athu a ku Malawi anaona zofanana mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anapha anthu mazanamazana, nadula miseu ndi kuzimitsa magetsi kumwera kwa dzikolo. Pa nthawi zotere cimene cimatsala ciri kulankhula ndi cimene sicidalira nthambo kapena mabandulo. Ngakhale pa mtendere, ana ambiri osowa malo m'sukulu anaphunzira kuwerenga kudzera pa pologalamu ya Taonga Market imene inayamba mu 2000, ndipo sukulu zitatsekedwa mu 2020 cifukwa ca mliri wa Covid-19, wailesi inakhalanso mphunzitsi.

ZOPEMPHA NDI ZOCITA

Ife sitiri kukana citukuko. Makolo athu analandira wailesi ya poto ndi manja awiri, ndipo ifenso tidzalandira ya dijito ikadzafika pa msinkhu wathu. Koma kwa atsogoleri athu tipempha zinai. FM isadzazimitsidwe kufikira mawailesi atsopano atafala m'midzi, ndipo kuwerenga kwake kucitikire kumudzi komwe. Mawailesiwo akhale ochipa, ogwira njira zonse ziwiri, oyendera dzuwa, ndipo msonkho wake uganiziridwe. Nyumba za m'madera zisungiridwe malo pa mtengo umene zingakwanitse. Potsiriza, zonse zifotokozedwe m'zinenero zathu kudzera mwa mafumu, alangizi a zaulimi ndi aphunzitsi. Kungakhalenso kwanzeru kuyendera limodzi ndi maiko oyandikana nafe, pakuti a ku Mwami ndi a ku Mchinji, a ku Chanida ndi a ku Tete, amamvera nyumba za wina ndi mnzake ndipo amalira maliro amodzi.

Kwa inu owerenga, malangizo ndi awa. Musagulitse ciweto kapena thumba la cimanga cifukwa ca mphekesera. Wina akakuuzani kuti wailesi yake ndi ya dijito, itembenuzeni muwerenge kumbuyo, kapena tumani mwana wa sukulu akuwerengereni. Ngati palibe malembo akuti DAB+ kapena DRM, ndi wailesi wamba yobvala malaya atsopano; ndipo ngakhale atakhalapo, malembowo sangakupindulireni kanthu kufikira nyumba zathu zitayamba kuulutsa motero. Imene muli nayo isamalireni. Cotsani mabatire akutha asanakhe madzi m'kati, isungeni kutali ndi utsi ndi cinyezi, ndipo ana asathyole mlongoti wake. Khansala kapena phungu wanu akabwera kudzacititsa msonkhano, mfunseni mafunso asanu aja. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Nditabwera kumsika ndinawafotokozera azakhali zonsezi tiri pa mphasa, wailesi yao yakale iri pakati pathu, yomangidwa ndi mphira kuti citseko ca mabatire cisagwe. Itakwana nthawi ya zidziwitso anandikhalitsa cete ndi dzanja, namvetsera maina a omwalira mmodzimmodzi mpaka kutha. Kenaka anatembenukira kwa ine nati, "Mwanangu, ukalembe zimenezi m'pepala lako lija, pakuti si ine ndekha amene ndinamangirira mbuzi."

Ndalemba, azakhali. Inu amene mwawerenga, muwerengerenso anzanu amene maso ao atopa. Tsalani bwino nonse, ndipo sabata la mawa tikumane pa nkhokwe.